Gulitsani Nyumba ya Amalume

Mississauga
9 Okutobala 1995

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ndipo miyendo ija yaleka kutupa. Kuno tilipo. Kwayamba kuzizira.

Ndiyambe ndi bodza limene likuyenda ku Lunzu konse. Amalume sanapenge. Sindinawatsekere kwa amisala, ndipo sindinawakhwimire kuti ndilemere. Munthu wokhwima angamanyamule makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa? Ngati kukhwima kwake ndi kumeneku, ndiye sing'angayo anandibera. Amene anayankhula zimenezi pamaliro inu muli pomwepo ndikumudziwa. Mumuuze kuti malata a nyumba imene akugonamo anagula ndi alongo anu omwewa, nthawi imene iye analibe ndi nsapato yomwe.

Iwe Matthew mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi. Werenga mzere uliwonse. Ukadumpha ndidzamva.

Zoona zake ndi izi. Alongo anu a Tobias Mbewe, amene anajambula mapu mu ofesi ya kuno zaka makumi awiri ndi zisanu, akudwala matenda oiwala. Dokotala akuti ubongo ukufota, ndipo mankhwala ake kulibe. Chizungu chawo chija, chimene eni ake ankachita nacho nsanje, chatha. Atsala ndi Chichewa chokha. Mkazi wawo anamwalira kale, mwana alibe, ndiye mu Epulo ndinawatenga kuti azikhala kwathu. Mwezi watha anatuluka m'mawa atavala zogonera. Apolisi anawapeza masana pafupi ndi bwalo la ndege, ataima pokwerera basi, akufunsa aliyense ngati ya ku Lunzu yadutsa kale. Patapita masiku atatu anateleka beseni lapulasitiki pamoto, ana ali m'nyumba. Zimene mpongozi wanu Cynthia ananena tsiku limenelo sindilemba.

Panopa ali m'chipatala. Achipatala akuti bedi lawo akulifuna, ndiwapezere malo kunyumba yosamalira okalamba oiwala, kumene zitseko zimakhala zokhoma ndipo anesi sachoka. Ndiye ndili pa ntchito yofunafuna.

Ndatumiza madola makumi asanu ku banki. Feteleza kaye, zina pambuyo. Matthew asakhudzeko.

Mwana wanu,
Norbert

Mississauga
12 Novembala 1995

Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Ndakondwa kuti mwamaliza kugalauza m'munda. Ine ndili bwino kupatula msana.

Mwati ndiwabweretse kumudzi adzafere pakati pa abale. Mawu okoma kuwamva. Adzawalondera ndani akadzatuluka kulowera kumsewu wa malole? Matthew, amene analephera kulondera mbuzi zitatu? Ndikukumbuka bwino nkhalamba ija ya kutsidya kwa njanji, imene inayamba kuiwala mayina a ana ake. Anthu anati ndi mfiti, anaimanga chingwe pamtengo wa mango, ana nkumaigenda. Alongo anu sadzamangidwa chingwe ine ndili moyo.

Ndayendera nyumba zisanu. Zilipo zimene boma limathandizapo, ndipo penshoni ya amalume ingakwanire, koma mzere wake ndi wa chaka kapena kupitirira. Imodzi ndinalowamo nthawi ya chakudya. Anthu anayi m'chipinda chimodzi, wantchito mmodzi akudyetsa nkhalamba khumi ndi ziwiri, diso lili pawotchi. Zina ndi za anthu ochita malonda. Kumeneko bedi lilipo ngakhale mawa, koma ndi madola 2,900 pamwezi. Penshoni ya amalume ndi 1,250. Ine ndimalandira 1,700, ndipo theka lake limapita ku lendi. Musasinthe ndalama zimenezi mu makwacha nkumauza anthu kuti Norbert ndi mpondamatiki. Kuno kabichi mmodzi ndi mtengo wa nkhuku.

Mayi wa ku ofesi yogawa malo amandiyankhula pang'onopang'ono, kukoka mawu, ngati ndatsika ndege dzulo. Anandifunsa ngati ndikufuna wondithandiza kulemba fomu. Ine, amene ndinawerenga zachuma zaka zitatu ku Zomba! Ndinamubwezera fomu yake nditamukonzera malo awiri amene analakwitsa. Digiri sindinatenge, inde, usamwetulire Matthew, koma mutu sindinausiye kumeneko.

Chimene chikundidya ndi ichi: amalume sakudya. Chilowereni m'chipatala, mbale ikabwera amaiyang'ana, kuthokoza, nkupinda manja. Amangomwa tiyi, mwina ndi kabuledi. Atsika makilo asanu ndi awiri. Anesi amawakuwira kuti “Toby, Toby,” ngati akuitana galu, iwo osatembenuka. Dokotala akuti ndi matenda omwewo, munthu amaiwala kudya, ndipo zikapitirira adzawalowetsa chubu m'mphuno. Lamlungu ndinayesa kuwadyetsa ndi supuni. Anandimenya dzanja nkunena kuti, “Ndiwe mwana wa yani iwe, wopanda mwambo?”

Mwezi uno situmiza kanthu. Shuga mugule ndi za mtedza.

Norbert

Mississauga
17 Disembala 1995

Amayi,

Moni nonse. Ndikhulupirira mvula yagwa bwino. Kuno kwachita chisanu choti madzi auma m'misewu.

Malo ndapeza, ku Markham, kumpoto kwa mzinda. Ndi imodzi mwa zodula zija. Musayambe kudandaula musanamve chifukwa.

Ndinawatengera kumeneko kuti akawaone ngati angawalandire. Masana anawabweretsera chakudya, iwo monga mwa nthawi zonse anapinda manja. Mzungu woyang'anira malowo anayamba kale kundiuza kuti munthu wosadya sangamutenge. Ndiye panadutsa mayi wina wantchito akukankha ngolo ya mbale. Anamva amalume akung'ung'udza, anaima.

“Aa! Atate, muli bwanji?”

Amalume anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo. Mayiyo dzina lake ndi Selina, kwawo ndi ku Chipata.

“Mfunda wawo ndani?” anandifunsa.

“Mbewe.”

Anayang'ana mbale, anayang'ana manja a amalume, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Ndiye imwe mufuna munthu wamkulu chonchi adye osasamba m'manja? Munakulira kuti, achimwene?”

Anapita nkubwera ndi jagi ya madzi ofunda, beseni ndi thaulo. Anagwada pansi ndi yunifomu yake, mzungu uja akungoyang'ana, nati, “Sambani, aMbewe, chakudya chapsa.”

Amalume anatambasula manja. Anasamba mosafulumira, chala ndi chala, nkuwaza madzi monga ankachitira kale.

“Zikomo mayi. Enawo adya?”

“Adya, atate.”

Anadya mbatata yonse, nkhuku yonse, ndi nsawawa zimene moyo wawo wonse ankati ndi chakudya cha nkhunda. Pomaliza anadandaula kuti mchere wachepa.

Milungu khumi, Amayi. Madokotala atatu, makina ounikira m'mutu, mapepala odzaza chikwama, ndipo munthu amangodikira kuti wina amuthirire madzi. Kwathu Cynthia ankawathirira tsiku lililonse, ine osaona kuti nkhani yagona pamenepo. Mayi uja anandinyoza pamaso pa mzungu, ine nkungoti zikomo. Matthew, lemba tsiku limeneli, silidzabweranso.

Ndasaina. Ndaphatikiza zimene amalume anatsala nazo ku banki ndi zanga zonse. Zitifikitsa mwezi wa Malichi basi. Kuchokera pamenepo paziperewera madola 1,650 mwezi uliwonse.

Tsopano mverani. Nyumba ya ku Chilomoni igulitsidwe. Inamangidwa ndi ndalama za alongo anu mu 1978. Inalembedwa m'dzina lanu chifukwa nthawi imeneyo katundu wa anthu othawa kwawo ankalandidwa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Mnzanga Bester wa konkuno, amene amadziwa mitengo ya nyumba ku Blantyre, akuti ingagulidwe K450,000. Imeneyo ndi ndalama ya zaka ziwiri ku Markham, ndipo dokotala sakulonjeza zoposa pamenepo. Za lendi imene Matthew wakhala akutolera zaka zonsezi sindifunsa. Adye, anenepe. Ndikungofuna chala chanu papepala.

Khirisimasi yabwino. Ana akupereka moni.

Mwana wanu,
Norbert

Brampton
11 Febuluwale 1996

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Onani adiresi yasintha. Ndikukhala m'chipinda chapansi pa nyumba ya munthu wina, pafupi ndi kuntchito. Makalata azibwera m'dzina langa lokha.

Ndinadikira milungu isanu ndi iwiri, nkulandira tsamba limodzi la Matthew. Mawu anu mulibemo ngakhale amodzi. Ndiye ndiyankha mwini wake.

Matthew, walemba kuti nyumbayo ndi ya mbumba yonse, sigulitsidwa popanda kukhalirana pansi. Mbumba inaika njerwa zingati? Pamene amalume ankadya buledi wouma kuno kuti iwe ulipire fizi, mbumba inakhalirana pansi liti? Fomu 2 unalemba katatu, katatu konse analipira osafunsa. Lero ukundiphunzitsa mwambo. Mwambo wake ndi uwu: mwini mbumba ndi iwowo. Anatilera tonse ali kutali. Tsopano akufuna jagi ya madzi ndi munthu wowagwadira, ndipo iwe ukuwerenga zipinda.

Walembanso kuti madzi osamba m'manja ndi aulere kulikonse, bwanji osawauza anesi a kunyumba yotchipa. Nzeru zimenezo unazitenga kuti, mng'ono wanga, ine osaziganiza? Ndinapita, ndinafunsa. Anati iwo amapereka kansalu konyowa kopukutira, kamene kamabwera m'pepala. Ndinakayesa pa amalume. Anakatenga ndi zala ziwiri nkukaika pansi ngati ndawapatsa thewera. Ku Markham Selina walemba zonse m'buku la odwala. Ngakhale iye palibe, atsikana a ku Philippines amabwera ndi jagi nkunena “Sambani, aMbewe.” Amatchula ngati akutsamwa, koma amalume amawakhululukira. Abwezeretsa makilo anayi. Sabata yatha anandiuza kuti tsitsi langa likufunika kumeta, ndikuoneka ngati wakuba.

Galimoto ndagulitsa. Kupita ku Markham tsopano ndi mabasi atatu, maola awiri ndi theka, ndiye ndimapita Lamlungu lokha. Loweruka ndapeza ganyu yokolopa maofesi. Mudzawauze anzanga amene tinali nawo ku Zomba, amene pano ali ndi madalaivala, kuti aseke bwinobwino.

Amayi, Matthew walemba kuti mukufuna ndalama ya chimanga chogula. Palibe. Sipadzakhala mpaka pepala litadindidwa. Mukafuna chimanga, Matthew ali ndi lendi.

Norbert

Brampton
14 Epulo 1996

Amayi anga,

Kalata iyi ndaitumiza kwa Mayi Mathilda a kutchalitchi kuti akuwerengereni muli awiri. Mayi Mathilda, zikomo, ndipo pepani pa zina zimene muwerenge. Ndikhulupirira Amayi ali bwino ndipo chimanga chauma.

Ine sindikhulupirira kuti mukudziwa zimene zikuchitika. Ndikuganiza kuti makalata anga amafika kwa inu atadulidwa miyendo. Inu si munthu womana. Ndinu amene munkayenda wapansi kupita ku Lirangwe kukagulitsa nandolo kuti ine ndipeze nsapato za kusukulu. Ndiye ndinenanso mwachidule, ngati simunamvepo.

Alongo anu ali pamalo pamene akudya ndi kusamalidwa mwaulemu. Ndalama zatha. Epulo ndalipira theka. Eni malo andiitana mu ofesi, andipatsa khofi, nkundiuza mokoma kuti ngati sindimaliza pofika kumapeto kwa Juni, amalume atuluke. Anthu a kuno akamakuthamangitsa amamwetulira.

Komanso dzina lawo layandikira pamzere wa boma. Bedi likapezeka ndiyenera kuyankha m'masiku ochepa. Ndikakana, dzina libwerera kumchira. Ndikavomera, apita kuchipinda cha anthu anayi chija, kwa tinsalu tonyowa. Ndikufuna kukana. Koma sindingakane ndilibe kanthu m'manja.

Amakufunsani. Ine masiku ena sandidziwa, amandiyesa wa kuofesi ya mapu, koma inu sanakuiwaleni. Lamlungu anandigwira mkono nati, “Nambewe wabwera kumadzi? Umuuze asamadutse pa njanji ndi ndowa, sitima ya masana yayandikira.” Ndinati ndimuuza. Ndiye ndakuuzani.

Selina anandiona ndikuwerenga pepala la ngongole m'khonde. Anati, “Achimwene, ku Malawi kulibe abale? Munthu uyu sanabale, koma analera.” Ndinamuyankha kuti abale alipo, akukhalirana pansi. Anaseka mpaka kugwira khoma. Sindinaone choseketsa.

Mwafunsa kudzera mwa Matthew chifukwa chimene Cynthia sakulemberaninso. Ali kwa mkulu wake ku Scarborough ndi ana. Sukulu ya kumeneko akuti ndi yabwino.

Amayi, musaope Matthew. Nyumbayo ili m'dzina lanu, iye alibe mawu. Mukangovomera, wogula apezeka mwezi umodzi. Muuzeni Mayi Mathilda mawu amodzi okha, eya kapena ayi, alembe. Ngati ndi ayi, mundiuze chifukwa, ndikawauze alongo anu pamene adakali ndi makutu.

Ndaikamo madola makumi awiri m'kati mwa pepala. Ndi anu, a sopo.

Mwana wanu,
Norbert

Brampton
2 Juni 1996

Amayi,

Moni. Ndamva kuti munadwala malungo, pepani. Ine ndili bwino.

Mayi Mathilda alemba kuti anakuwerengerani kawiri, inu nkungolira osayankha. Misozi ku Markham salandira. Ndinafunsa.

Bester akubwera ku Malawi pa 15 mwezi uno kudzaona makolo ake. Ndamupatsa pepala la kwa loya lomupatsa mphamvu yogulitsa nyumba m'malo mwanu. Adzafika ku Lunzu ndi inki yake. Simuyenda, simulipira kanthu, simukumana ndi wogula. Mudzangodinda. Eni malo avomera kudikira ngati Bester angaimbe foni kuti mwadinda. Ndinachita kuwapempha, ine, chipewa chili m'manja.

Matthew, ukadzamuchedwetsa mlendoyo ndi nkhani zako za mbumba, usadzanditchulenso mkulu wako.

Norbert

Brampton
21 Julayi 1996

Amayi,

Ndine Norbert. Ndikhulupirira malungo anatha. Za umoyo wanga zisiyeni.

Foni ya Bester inabwera pa 24 Juni. Anati munamulandira bwino, munamuphera nkhuku, koma pepala munakana kuliyang'ana, munati dzanja likunjenjemera. Tsiku lotsatira ndinavomera bedi la boma.

Amalume anasamuka pa 2 Julayi. Selina anawapakira yekha katundu. Jagi ndi beseni anati nditenge, akauza abwana ake kuti zinasweka. Potuluka amalume anamugwira dzanja nati, “Mayi, mwatisunga. Mudzabwere kwathu ku Lunzu mudzatenge nkhuku.” Iye anati adzabwera. Ndatsala ndi ngongole ya madola 3,900 kumeneko, ndizilipira pang'onopang'ono.

Kumalo atsopanowa ndamata pepala pamwamba pa bedi, lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, kufotokoza za madzi ndi mmene angawaitanire. Wantchito wake si munthu woipa. Anawerenga nati adzayesa akapeza mpata. Mpata alibe. Ndiye ndikaweruka ndimakwera basi, ndimafika chakudya chamadzulo chitazizira, ndimagwada, ndimathira madzi. Akudya kamodzi patsiku. Masiku amene ndagwira ovataimu sadya. Lachisanu anawayeza, atsika makilo awiri.

Bester wabwerera kuno Lachinayi. Akuti atachoka kwa inu anaganiza zopita ku Chilomoni, akaone nyumbayo ndi maso kuti andiuze mtengo weniweni. Anapeza bambo wina akupenta geti. Anamufunsa kuti lendi amalipira zingati. Bamboyo anaseka nati lendi ya chiyani, nyumba ndi yake. Bester sanakhulupirire, ndiye bamboyo analowa m'nyumba nkutulutsa mapepala, ndipo analola kuti akawajambulitse. Mapepalawo ali patebulo pano.

Matthew, ngati ndiwe ukuwerenga, pano ukhoza kuwerenga mokweza.

Nyumba inagulitsidwa pa 3 Novembala 1992, chaka cha chilala chija, pa K95,000. Dzina la Matthew silikupezeka paliponse. Pansi pali chala chanu.